Fodya wa Malawi pamaso pa malamulo a malonda a kunja: msika tsopano ukufunsa za amene adamulima

LILONGWE - Munthu akaima pamphambano pomwe msewu wa ku Likuni umakumana ndi msewu wolambalala mzinda wa Lilongwe, m'mphepete mwa Chinsapo, sachedwa kuona malole onyamula makontena akulowera chakummwera. Ena mwa malolewa amakhala atachokera ku Kanengo atasenza fodya wokonzedwa kale, ulendo wa ku doko la Beira m'dziko la Mozambique kudzera pa chipata cha Dedza. Kontena iliyonse imayenda ndi zikalata zonena kulemera kwa katundu, mtundu wake, mwini wake ndi komwe akupita. Koma kuyambira m'chaka cha 2019 pali funso lina limene zikalata zakalezo siziyankha, ndipo ndi limene lingachititse kuti katundu akanidwe pa doko la kunja: fodyayu adalimidwa ndi yani, wa zaka zingati, nanga adalipidwa motani?

Funsoli silikukhudza alimi a ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba okha ayi. Nyengo ya fodya ikafika, anthu a m'madera a Chinsapo, Kawale, Biwi, Mgona ndi Area 25 amapeza ntchito ya miyezi yochepa ku okushoni ndi m'mafakitale a ku Kanengo, ndipo ndalama zawo ndi zimene zimalipira lendi, zofunika kusukulu ndi ndiwo za pamsika. Ngakhale munthu amene sadagwirepo tsamba la fodya nkhaniyi imampeza, poti fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja, zomwe ndi zogulira mafuta a galimoto, mankhwala ndi feteleza. M'chaka cha 2024 chokha, fodya wolemera makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni adabweretsa ndalama za ku America zoposa $390 miliyoni.

Chiletso cha pa 1 November 2019

Pa 1 November 2019, nthambi ya boma la America yoona za misonkho ndi chitetezo cha m'malire ya Customs and Border Protection, mwachidule CBP, idalamula kuti fodya wolimidwa ku Malawi, pamodzi ndi katundu aliyense wokhala ndi fodya wa ku Malawi mkati mwake, azigwidwa akafika pa madoko a dzikolo. Nthambiyo idati ili ndi uthenga wosonyeza kuti fodyayo amalimidwa pogwiritsa anthu ntchito mokakamiza, kuphatikizapo ana.

Lamulo lotere limatchedwa Withhold Release Order, ndipo limayenda mosiyana ndi mlandu wa kukhoti. Kukhoti, wosuma ndiye amayenera kubweretsa umboni. Apa zinthu zimatembenuka. CBP ikangokhala ndi zifukwa zomveka zokayikira, ngakhale zisali umboni wotheratu, katundu amaimitsidwa, ndipo woitanitsa katunduyo ndiye amapatsidwa miyezi itatu yoti asonyeze kuti katundu wake alibe banga. Ngati sangathe, akhoza kumutumiza ku dziko lina, koma ku America salowa. Palibe woweruza amene amayamba wamva mbali ya dziko lolima fodyayo, ndipo palibe chisamani chimene chimapita ku Capital Hill.

Kawirikawiri chiletso chotere chimagwera kampani imodzi kapena mgodi umodzi. Patatsala mwezi umodzi kuti Malawi alengezedwe, CBP idali italetsa magolovesi a kampani ina ya ku Malaysia, zovala za kampani ina ya ku China ndi miyala ya dayamondi ya ku Marange m'dziko la Zimbabwe. Pa Malawi, chiletso chidagwera mbewu ya dziko lonse, monga zidachitikira ndi thonje la ku Turkmenistan m'chaka cha 2018. Mlimi wa ku Mpingu wolima theka la hekitala ndi mkazi wake adaikidwa m'thumba limodzi ndi mwini esiteti wosunga matenanti makumi asanu.

Chilungamo chake ndi chakuti chenjezo lidalipo kalekale. M'chaka cha 2009, unduna wa za ntchito wa ku America udaika fodya ndi tiyi wa ku Malawi pa mndandanda wa katundu amene akuganiziridwa kuti amapangidwa ndi ana. M'chaka chomwecho bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti lonena kuti ana pafupifupi 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo kuti mwana wothyola fodya wonyowa akhoza kulowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu chofanana ndi cha ndudu 50 patsiku. Kafukufuku wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office wa m'chaka cha 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ochuluka mwa iwo adali m'ulimi. Ziwerengero zotsirizazi ndi za boma lomwe lino, choncho kudali kovuta kuzikana.

Mphamvu zimene CBP idagwiritsa ntchito zili m'gawo 307 la lamulo la Tariff Act la m'chaka cha 1930. Kwa zaka zoposa 80 gawoli lidali ngati nkhwangwa yopachikidwa kudenga, chifukwa lidali ndi mpata wolola katundu wotere kulowa ngati dziko la America silipanga wokwanira anthu ake. Mpatawu udatsekedwa ndi lamulo limene Barack Obama adasaina mu February 2016. Kuyambira pamenepo ziletso zidayamba kuchuluka.

Makampani ogula fodya adadziombola imodzi ndi imodzi. Mu June 2020 CBP idachotsa kampani ya Alliance One International pa chiletsocho, kumapeto kwa July 2020 idachotsa Limbe Leaf Tobacco Company, ndipo mu May 2021 idachotsa Premium Tobacco Malawi. Nthawi zonse zitatu, chimene chidasinthidwa ndi mndandanda wa makampani okhudzidwa, osati maganizo a CBP pa dziko lonse. Umboni umene udatsegula khomo udali wa makampaniwo: kaundula wa alimi awo a kontirakiti, malipoti a alangizi awo oyendera minda, ndi ndondomeko zawo zothana ndi vuto likapezeka. Ulimi wa kontirakiti, umene boma lidauvomereza m'chaka cha 2012 poganizira za mitengo ndi zipangizo za ulimi, udapezeka kuti ndiwo wokha umene ukadatha kulondola belo kuchokera pa doko kubwerera kumunda. Mfundo imene akuluakulu a boma sayenera kuidumpha ndi yakuti ogula adakhulupirira mabuku a makampani, poti mabuku a boma a mtundu umenewo kudalibe.

Kodi dziko lina lili ndi ufulu wotero?

Funso limene limabwera kawirikawiri m'misonkhano ndi lakuti dziko la Malawi lili ndi malamulo akeake a ntchito, nanga dziko lina likulowererapo bwanji. Yankho lake m'malamulo a malonda silidakhazikike kwenikweni. Malawi ndi membala wa bungwe loona za malonda padziko lonse la World Trade Organisation, WTO, kuyambira pa 31 May 1995. Mfundo yaikulu ya bungweli ndi yakuti katundu wofanana asasalidwe potengera dziko limene wachokera. Tsamba la fodya wa bale la ku Dowa ndi la ku Brazil likafanana pa giredi, liyenera kulandiridwa mofanana. Gawo 20 la pangano la GATT limalola dziko kuletsa katundu wopangidwa ndi akaidi komanso katundu wotsutsana ndi chikhalidwe chabwino cha anthu ake, koma silitchula ana kapena ngongole za matenanti.

Nduna za malonda zitakumana ku Singapore mu December 1996, maiko ongotukuka kumene adakana kuti nkhani za ntchito zilowe mu WTO, poopa kuti maiko olemera adzazigwiritsa ntchito ngati chonamizira chotsekera misika yawo. Adagwirizana kuti nkhanizi ndi za bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organisation, ILO. Koma ILO ilibe madoko, ndipo mphamvu zake zimathera pa kufunsa ndi kudzudzula. Maiko okhala ndi misika ikuluikulu adangoika mfundo za ntchito m'malamulo awoawo. Dziko lofuna kutsutsa njira imeneyi likhoza kukasuma ku Geneva, koma bwalo la apilo la WTO lidaleka kugwira ntchito mu December 2019, patangotha mwezi umodzi chiletso cha fodya chilengezedwe, kaamba koti dziko la America lidakana kuvomereza oweruza atsopano.

Si koyamba fodya wa Malawi kukumana ndi malamulo a kunja. Dziko la Canada litakhazikitsa lamulo loletsa zokometsera mu ndudu m'chaka cha 2009, nthumwi za Malawi zidadandaula ku WTO kuti izi zipha msika wa fodya wa bale. Malawi adalowanso ngati mbali yokhudzidwa pa mlandu wotsutsa lamulo la Australia loti mapaketi a ndudu asakhale ndi zokongoletsa, mlandu umene Australia idapambana m'chaka cha 2018 ndi pa apilo m'chaka cha 2020. Koma nkhani ziwirizi zidali zokhudza umoyo wa wosuta. Ya 2019 ndi yokhudza moyo wa wolima, ndipo Malawi sangaikane mosavuta chifukwa adasaina yekha mapangano a ILO oletsa zomwezo: nambala 29 ndi 105 oletsa ntchito yokakamiza, ndi nambala 138 ndi 182 okhudza ana, onse m'chaka cha 1999.

Mwayi wogulitsa katundu popanda msonkho nawo umabwera ndi zingwe zake. Lamulo la America la AGOA la m'chaka cha 2000, limene m'chaka cha 2015 lidaonjezeredwa nthawi kufikira pa 30 September 2025, lidaika ufulu wa ogwira ntchito pakati pa zoyenereza dziko kupindula nalo. Dziko la Swaziland, lomwe tsopano ndi Eswatini, lidachotsedwa mu January 2015 pa nkhani ya ufulu wa mabungwe a ogwira ntchito, ndipo la Mauritania lidachotsedwa mu January 2019 pa nkhani ya ukapolo. Maiko a mu European Union, EU, nawo adachepetsa mwayi wa dziko la Cambodia mu August 2020 pansi pa ndondomeko ya Everything But Arms, yomwenso Malawi amagulitsira katundu ku Ulaya.

Utenanti ndi tanthauzo la kukakamiza

Anthu ambiri akamva za ntchito yokakamiza amaganiza za unyolo ndi zikoti, n'kumati zotere kuno kulibe. Tanthauzo la m'pangano nambala 29 la m'chaka cha 1930 ndi lotakata kuposa pamenepo. Ndi ntchito iliyonse imene munthu amagwira poopa chilango china chake, ndipo sadadzipereke kuigwira mwa kufuna kwake. Chilangocho chikhoza kukhala kutaya malipiro a nyengo yonse. Kufuna kwa munthu nako kumatha mphamvu ngati adalonjezedwa china n'kukapeza china, kapena ngati sangathe kuchoka atafuna. Pakati pa zizindikiro 11 zimene ILO imagwiritsa ntchito pali ngongole yomanga munthu, kusunga malipiro, kunamiza ndi kukhala kutali ndi thandizo.

Utenanti ukayezedwa ndi mlingo umenewu, vuto limaonekera msanga. Banja limatengedwa ku Mulanje, Phalombe kapena Mangochi kupita ku esiteti ya ku Kasungu, Mchinji kapena Rumphi. Mwini munda amapereka malo, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pa ngongole, ndipo nthawi zambiri popanda cholembedwa. Kuyambira pa nazale mu September kufikira fodya atagulitsidwa chapakati pa chaka chinacho, tenanti salandira malipiro a pamwezi. Fodya akauma amamugulitsa kwa mwini munda yekhayo, amene ndiye amanena giredi, mtengo ndi kuchuluka kwa ngongole. Chaka cha mvula yabwino ndi bwana wachilungamo, banja limabwerera kwawo ndi njinga ndi malata. Chaka choipa limatsala ndi ngongole, popanda ndi ya basi yomwe, n'kukhalanso nyengo ina.

Ana amalowa m'munda kudzera pa khomo lomweli. Pangano limakhala la bambo yekha, koma munda umene wapatsidwa ndi wofuna manja a banja lonse, makamaka nthawi yothyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa. Tenanti alibe ndalama yolembera waganyu. Mwana wa zaka khumi amajomba kusukulu mu February osati chifukwa choti mwini esiteti wamulemba ntchito, koma chifukwa choti kapangidwe ka panganolo kamuwerengera kale ngati dzanja lopanda malipiro. N'chifukwa chake mwini esiteti akhoza kulumbira moona mtima kuti m'buku mwake mulibe mwana, pomwe ana ali mbwee m'chigafa.

Mchitidwewu uli ndi mizu yake m'boma la Lilongwe lomwe lino. Cha m'ma 1920, azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, adatsegula minda ya fodya ku Mbabzi, ndipo njira yopereka mbewu kwa alimi n'kudzagula fodya wawo idafalikira kuchokera kumeneko. Kummwera kudali thangata, amene adali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira atsamunda m'chaka cha 1915, ndipo adathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962. Utenanti udapulumuka, n'kukula kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pomwe fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti pokha.

Malamulo oyendetsera dziko lino a m'chaka cha 1994 amaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza m'gawo 27, ndipo gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la Employment Act la m'chaka cha 2000 limabwereza zomwezo m'gawo 4. Koma tenanti adakhala pakati ngati mleme: eni minda ankati ndi mlimi wodziimira payekha amene amangowagulitsa fodya, pomwe bungwe la ogwira ntchito m'fodya la TOAWUM linkati ndi wantchito monga wina aliyense. Bilu yofuna kulongosola utenanti idalembedwa chapakati pa zaka za m'ma 1990, koma idakhala m'madilowa zaka zoposa makumi awiri osakhala lamulo.

Chimene zaka makumi awiri zidalephera chidachitika pasadathe zaka ziwiri chiletso chibwerere. Mu November 2019 momwemo, Malawi adavomereza pangano loonjezera la ILO la m'chaka cha 2014 lolimbana ndi ntchito yokakamiza, pamodzi ndi mapangano nambala 155, 184 ndi 187 okhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha Employment Act n'kuthetseratu utenanti, ndipo wopezeka akuuchita akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukagwira ukaidi. M'chaka chomwecho aphungu adasinthanso lamulo la Labour Relations Act kuti olemba ntchito azidula malipiro a anthu onyanyala ntchito kupyola masiku atatu pachaka, zimene bungwe la Malawi Congress of Trade Unions lidatsutsa. Ogula akunja amawerenga malamulo onse awiri.

Kuthetsa utenanti papepala kudali kosavuta kusiyana ndi kuuthetsa kumunda. Lamulo likutanthauza kuti wolima fodya m'munda wa wina ndi wantchito, woyenera malipiro osachepera mlingo wa boma. Mlingowu udali K50,000 pamwezi m'chaka cha 2021, K90,000 m'chaka cha 2024 ndi K126,000 m'chaka cha 2025. Pa mlingo wa 2025, wantchito mmodzi kwa miyezi isanu ndi inayi amafuna K1,134,000, ndalama imene mlimi ayenera kukhala nayo asadagulitse belo ndi limodzi lomwe. Mlimi wamng'ono amaona ndalama kamodzi pachaka, ndipo utenanti udali njira yake yokankhira kudikirako kwa munthu wosauka kuposa iye. Pomwe ngongole ya kontirakiti kapena ya kubanki ilibe gawo la malipiro a antchito, chiopsezo n'chakuti utenanti ungosintha dzina. Woyendera malo a ntchito amazindikira izi pofunsa zinthu ziwiri: chikalata cha mfundo za ntchito chimene gawo 27 la Employment Act limalamula, ndi buku losonyeza kuti malipiro amaperekedwadi mwezi ndi mwezi.

Milandu ya ku London

Njira ina imene malamulo a kunja afikira kumunda ndi ya makhoti. Mu April 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain lidagamula kuti anthu a m'midzi ya ku Chingola m'dziko la Zambia akhoza kusumira kampani ya Vedanta ku London pa zimene kampani yake yaing'ono ya mgodi idawachitira kwawo. Mu December 2020 maloya a Leigh Day, omwe adaimiranso anthu a ku Zambia aja, adakasuma m'malo mwa matenanti ndi ana a ku Malawi oposa 7,000 motsutsana ndi makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands, ponena kuti makampaniwo adanyalanyaza udindo wawo ndipo adalemera ndi thukuta la anthu oponderezedwa. Makampani onse awiri adakana milanduyo ndipo adapempha khoti kuti liithetse, ponena kuti osumawo alibe umboni woti fodya wawo adafikadi m'mafakitale a makampaniwo. Mu June 2021 woweruza Martin Spencer adakana pempholo n'kulola kuti mlandu upitirire. Chigamulocho sichidanene kuti makampaniwo ndi olakwa, koma chidasonyeza kuti funso la komwe belo lidachokera lafika pokhala nkhani ya khoti. Ku tiyi nako, mu February 2021 kampani ya Camellia idagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya Eastern Produce Malawi omwe ankadandaula za nkhanza, popanda kuvomera kulakwa.

Wantchito wa ku Chinsapo ndi mwana amene doko silimuona

Mayi wochokera ku Chinsapo amene amakwera minibasi ziwiri mbandakucha kuti akafike ku Kanengo ali m'gulu la anthu amene ogula akunja amawafunsa. Malamulo a dziko lino amamuteteza pa zingapo zimene iye mwina sazidziwa. Maola a ntchito sayenera kupyola 48 pa sabata popanda malipiro oonjezera. Gawo 43 la Employment Act limati munthu wolembedwa ndi bwana mmodzi nyengo zotsatizana amawerengedwa kuti wagwira ntchito mosadukiza kwa nthawi yonse imene wagwiradi ikaphatikizidwa, choncho kumuchotsa fodya akatha n'kumulembanso chaka chinacho sikufafaniza zaka zake. Akavulala pali lamulo la Workers' Compensation Act la m'chaka cha 2000, ndipo akachotsedwa mopanda chilungamo pali ofesi ya za ntchito ya boma la Lilongwe ndi khoti la Industrial Relations Court. Pa geti la fakitale, chiphaso cha unzika chimene chidayamba kuperekedwa m'chaka cha 2017 kwa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo chathandiza kutseka mkangano wa zaka.

Koma m'misewu ya Chinsapo momwemo muli ana ena amene palibe doko lidzawafunse. Mtsikana wotengedwa kumudzi kuti adzalere mwana m'nyumba ya wogwira ntchito m'tauni, mnyamata woswa miyala kapena kuumba njerwa, mwana woyenda ndi beseni la mandasi mpaka usiku: ntchito yawo silowa mu kontena, choncho malamulo a ku Washington ndi Brussels alibe nayo gawo. Chitetezo chawo chili m'malamulo a kuno okha, ndipo m'menemo muli mipata. Gawo 21 la Employment Act limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma lidapatula ntchito yogwiridwa m'nyumba. Gawo 22, pamodzi ndi mndandanda wa ntchito zoopsa umene boma lidatulutsa m'chaka cha 2012, limateteza a zaka 14 mpaka 18. Woyendera malo a ntchito akhoza kulowa mu fakitale nthawi ina iliyonse osachenjeza, koma m'nyumba ya munthu amafunika chilolezo cha mwini nyumba kapena cha majisitireti. Chindapusa chimene chidalembedwa m'chaka cha 2000 kwa wolemba ana ntchito chidali K20,000, chiwerengero chimene kugwa kwa kwacha kudachidya kalekale. Malamulo ena amathandiza kutseka mipatayi, monga Child Care, Protection and Justice Act la 2010 ndi Trafficking in Persons Act la 2015, limene limapereka chilango cha zaka zofika 21 kwa wozembetsa mwana. Komabe malamulowa amagwira ntchito pokhapokha wina akakanena, ndipo amene amalemba ana a m'nyumbawa nthawi zina ndi anthu omwewo a m'maofesi amene amalemba malipoti opita ku Geneva.

Pali ngozi inanso. Mwana akachotsedwa m'munda wa fodya wa kontirakiti chifukwa mlangizi wa kampani akubwera, sizitanthauza kuti wabwerera kusukulu. Akhoza kupita ku munda wa soya, kukaweta ng'ombe kapena kutumizidwa kwa achibale m'tauni. Ziwerengero za fodya zimaoneka bwino pomwe za mwanayo sizidasinthe.

Tsiku la 14 December 2027

Msika wa America si waukulu pa fodya wa Malawi. Wochuluka amapita ku Ulaya, makamaka kudzera m'dziko la Belgium. M'chaka cha 2024 maiko a EU adakhazikitsa lamulo nambala 2024/3015 loletsa kugulitsa pa msika wawo katundu aliyense wopangidwa ndi ntchito yokakamiza, ndipo liyamba kugwira ntchito pa 14 December 2027. Silisankha mbewu kapena kukula kwa kampani: fodya, tiyi, shuga, makadamiya ndi nyemba zonse zikukhudzidwa, pa gawo lililonse kuyambira kumunda. Likusiyana ndi la America poti ofufuza a ku Ulaya ndiwo ayenera kusonyeza kuti lamulo laphwanyidwa, ndipo nkhani zochitikira kunja kwa EU zidzafufuzidwa ndi European Commission. Koma ofufuzawo adzayamba ndi kufunsa kampani zikalata, ndipo kulephera kuzipereka kudzawalola kugamula potengera uthenga wina uliwonse umene ali nawo.

Zikalata zimenezi zimachokera m'maofesi osiyanasiyana amene kawirikawiri salankhulana. Malipoti a kuyendera minda ali ku unduna wa za ntchito. Kaundula wa alimi ndi ziphaso zawo ali ku Tobacco Commission. Zikalata za kubadwa, zimene zidayamba kukhala zokakamiza m'chaka cha 2015, zili ku National Registration Bureau, ndipo mabuku osonyeza ana ojomba m'miyezi yothyola fodya ali ndi aphunzitsi aakulu. Fodya wogulidwa mobisa ndi mavenda n'kusakanizidwa m'mabelo a mlimi wa chiphaso amaononga unyolo wonsewu, chifukwa belo limanena dzina la munthu amene sadalime tsamba lili mkatimo.

Nthawi yake ndi yaifupi kuposa momwe chaka cha 2027 chikumvekera. Fodya amene adzakhale akufika pa madoko a ku Ulaya lamuloli likamayamba ndi wofesedwa pa nazale mu September 2026, wookedwa ndi mvula yoyamba ya chaka chomwecho, ndi kugulitsidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu m'nyengo ya msika ya 2027.